Kamera Yobwereka: Mmene Zithunzi za Skateboard Zinayambira

Pali ganizo limene lafala pakati pa acinyamata athu ofuna kuyamba kujambula zithunzi za masewera. Amati munthu ayambe wapeza kamera ya ndalama zambiri, ya lenzi yaitali ngati zimene timaona m'mbali mwa bwalo la mpira, ndipo ngati sanaipeze angokhala pansi n'kuyembekezera. Ganizo limeneli lagoneka maluso ambiri. Lero tifuna tiliyese pa mbiri ya masewera amodzi amene ayamba kuoneka m'matauni mwathu, masewera a skateboard, kathabwa ka mawilo anai kaja kamene ana amatsetsereka nako pa konkire. Tikailondola bwino mbiri ya zithunzi za masewerawa, tipeza kuti zina mwa zochuka kwambiri zinajambulidwa ndi ana a sukulu, ndi makamera obwereka, pa filimu yochipa. Cimene anali naco n'cakuti anali pafupi, ndipo anali kucidziwa cimene akujambula.

Akatswiri anabwera, napita

Nkhaniyi iyambira ku California, ku gombe la kumadzulo kwa America. M'zaka za m'ma 1950, anyamata okonda kukwera mafunde a panyanja ataimirira pa thabwa anali kusowa cocita masiku amene nyanja yagona. Ena anacotsa mawilo acitsulo ku nsapato zamawilo, nawakhomera kunsi kwa kathabwa, n'kuyamba kutsika nako m'misewu yotsetsereka ngati kuti ali pa funde. Amalonda sanacedwe kuona mwai. Pofika 1964 ma skateboard anali atadzaza m'masitolo, ndipo caka comweco John Severson, mwini wa magazini ya Surfer, anatulutsa magazini yoyamba ya masewerawa yochedwa The Quarterly Skateboarder. Pa 14 May 1965, magazini yaikulu ya Life inaika pacikuto cithunzi ca mtsikana wina, Patti McGee, ataima ndi manja pa skateboard miyendo ili m'mwamba. Anajambula cithunzico ndi Bill Eppridge, katswiri wa magaziniyo.

Zithunzi za nthawi imeneyo n'zooneka bwino, koma zambiri zinajambulidwa ndi maso a mlendo. Wojambula anali kuima capatali n'kuonetsa owerenga kaseweredwe katsopano ka ana, monga mmene munthu angajambulire cinthu cacilendo cimene cafika m'tauni. Ndipo cinthuco sicinakhalitse. Mawilo a masiku amenewo anali olimba gwa, osagwira pansi. Akagunda kamwala anali kuima pomwepo, wokwera n'kuponyedwa kutsogolo. Ana ambiri anabvulala, madokotala anadandaula, mizinda ina inaletsa masewerawa m'misewu yake. Malonda anagwa, magazini ya Severson inafa itangotuluka kanai, ndipo akatswiri a makamera aakulu anapita kukajambula zina. Kwa zaka pafupifupi khumi amene anapitiriza kukwera anali ocepa, owajambula ndiye anali ocepa koposa.

Cimene cinaukitsa masewerawa ndi wilo. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1970, mnyamata wina dzina lake Frank Nasworthy anayamba kugulitsa mawilo a urethane, pulasitiki yofewerapo ngati labala, nawacha Cadillac Wheels. Mawilo amenewa anali kugwira pansi, kudutsa pa timiyala, ndi kulola munthu kukhota mwamphamvu osaterereka. Mu 1975 magazini ija inayambanso ndi dzina lakuti Skateboarder, ndipo amene anaipatsa nkhope yake anali Warren Bolster, wojambula masewera a pamafunde. Bolster anali atazolowera kulowa m'madzi ndi kamera kuti afike pafupi ndi wokwera funde, ndipo cizolowezi cimeneco anabwera naco kumtunda. Anali mmodzi wa oyamba kugwiritsa nchito lenzi ya fisheye pa skateboard, komanso kamakina kokoka filimu mofulumira kuti zithunzi zingapo zotsatizana zionetse kudumpha konse, kucokera poyambira mpaka pothera.

Lenzi ya fisheye tiifotokoze pang'ono, cifukwa ndiyo imacititsa kuti cithunzi ca skateboard ticizindikire tikangociona. Lenzi imeneyi imaona mbali yaikulu kwambiri, pafupifupi madigiri 180 kucokera ku ngodya ina ya cithunzi kufika ku inzake, ndipo imapinda mizere yowongoka. Cimene cili pafupi nayo cimaoneka cacikulu, cimene cili patali cimacepa msanga. Kuti wokwera adzaze cithunzi, wojambula ayenera kuyandikira mpaka pamene thabwa likhoza kumugunda. Akakhala pansi n'kuloza m'mwamba, wokwera amaoneka kuti wauluka kwambiri, koma malo onse, pamene wacokera ndi pamene akagwere, amaonekabe m'cithunzi comweco. Ndi lenzi imeneyi kuima capatali kunatha.

Cilala ndi maiwe ouma

Kum'mwera kwa Santa Monica, kumalire ndi Venice, kunali dera losauka la m'mbali mwa nyanja limene anyamata ake anali kulicha Dogtown. Kumeneko kunali kasitolo kopanga matabwa okwerera mafunde, ka Jeff Ho, Skip Engblom ndi Craig Stecyk, ndipo kasitoloko kanali ndi timu ya ana yochedwa Zephyr. M'timumo munali Tony Alva, Jay Adams, Stacy Peralta, mtsikana Peggy Oki ndi ena. Anawa anali kukwera mosiyana ndi anzao onse, atawerama kwambiri, dzanja likukhudza pansi ngati mmene wokwera funde amakhudzira madzi. Anaphunzirira m'mabwalo a masukulu okhala ndi mbali zopendekeka za phula, monga Paul Revere ndi Kenter Canyon. Pa mpikisano wa ku Del Mar mu April 1975 anadabwitsa anthu amene anazolowera kuona okwera ataima cilili.

Stecyk sanali wojambula wotumidwa ndi kampani yaikulu. Anali wa m'dera lomwelo, wopaka utoto ndi zizindikiro pa matabwa a pasitolopo, ndipo anawo anali kumudziwa. Kuyambira 1975 anayamba kutumiza ku Skateboarder nkhani ndi zithunzi za Dogtown, zambiri zakuda ndi zoyera, nthawi zina akusaina maina ongopeka. Zithunzi zake sizinali kubisa zipupa zolembedwalembedwa, mipanda ya waya kapena zobvala zakutha. Ana a m'mizinda yakutali, ena amene sanaionepo nyanja, anali kuyang'anitsitsa zithunzizo n'kutengera mmene Jay Adams amaweramira ndi mmene Alva amaponyera manja. Kunalibe intaneti, ndipo matepi a vidiyo oonera kunyumba anali asanafale. Kaseweredwe kanali kuyenda mzinda ndi mzinda pa pepala.

Mu 1976 ndi 1977 ku California kunagwa cilala coopsa. Anthu anauzidwa kusunga madzi, ndipo maiwe osambiramo ambiri a kuseri kwa nyumba anakhala ouma. Maiwe ambiri a kumeneko anali oumbidwa ngati mbale, opanda ngodya, makoma ake okwera pang'onopang'ono mpaka kuima cilili. Kwa wokwera skateboard limeneli linali funde la konkire. Anyamata anali kuzungulira m'madera a anthu olemera kufunafuna dziwe louma, kulumpha mpanda eni ake kulibe, kukwera kanthawi, n'kuthawa apolisi akafika. Kulowa m'mayadi a eni sitikukuyamikira, koma tione cimene zimenezi zinacita ku nchito yojambula. Dziwe linali cinsinsi ca gulu. Wojambula wocokera kunja sakanalidziwa, ndipo ngakhale akanalidziwa sakanafika pa nthawi yake. Mwai wojambula unali wa amene anali kale m'gululo.

Mmodzi wa iwo anali Glen E. Friedman, wobadwa mu 1962. Iye anali kukwera limodzi ndi anyamata a Dogtown m'mabwalo a sukulu aja, ndipo anali kuona kuti zimene anzake akucita pamaso pake zinali kuposa zimene zikutuluka m'magazini. Anayamba ndi Kodak Instamatic ya m'thumba, kakamera kochipa kamene mabanja anali kujambulira maphwando. Ca kumapeto kwa 1976 anabwereka kamera ya filimu ya 35mm, napita ndi Jay Adams ku dziwe louma limene anapeza. Cithunzi ca kumeneko cinatuluka mu Skateboarder, tsamba lathunthu, iye ali ndi zaka 14. Mu 1977 anajambula Tony Alva atauluka pamwamba pa mlomo wa dziwe lochedwa Dogbowl, dzanja litagwira thabwa, cithunzi cimene ambiri amaciona ngati cizindikiro ca nthawi imene okwera anayamba kuuluka pa makoma oima. Pambuyo pake kamera yake anaitembenuzira kwa oimba monga Black Flag, Minor Threat, Beastie Boys, Run-DMC ndi Public Enemy.

Friedman analibe kamera yoposa ya Bolster. Cimene anali naco ndi miyendo imene inakwerapo makoma omwewo. Pa kudumpha kulikonse pali kanthawi kamodzi pamene thupi lafika pamwamba penipeni n'kuoneka ngati laima, lisanayambe kutsika. Amene anakwerapo amakamva kanthawi kameneko m'thupi mwake, ndipo cala cake cimadina katatsala pang'ono kufika. Amene sanakwerepo amadina ataona, ndipo pamenepo kapita kale. Filimu nayo inali mphunzitsi wouma mtima. Mpukutu umodzi unali ndi zithunzi 36 ukacuruka, unali kugulidwa ndi ndalama, kutsukidwa ndi ndalama, ndipo zotsatira zinali kuoneka patapita masiku. Mwana wa sukulu wokhala ndi mpukutu umodzi sanali kudina cisawawa. Anali kuyamba waona anzake akuyesa kangapo, kusankha poima, ndiyeno kudikira. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Panalinso munthu wina wa nthawi yomweyo amene sanali wokwera, Hugh Holland. Iye anali wamkulu kale, wa zaka zopitirira 30. Mu 1975, akuyendetsa galimoto mu Laurel Canyon ku Los Angeles, anaona ana akutulukira m'ngalande ya madzi ya konkire pa ma skateboard. Anaima, nayamba kuwajambula, ndipo anapitiriza kwa zaka zitatu. Anali kugula filimu yochipa ya makamera a sinema, yodulidwa n'kuikidwa m'timabokosi ta makamera wamba, ndipo anali kukonda dzuwa la madzulo. Filimu yochipayo ndi dzuwalo ndizo zinapatsa zithunzi zake mtundu wofiirira umene anthu amausirira lero. Zithunzizo zinagona m'mabokosi zaka zambiri zisanatuluke m'buku la Locals Only mu 2010. Nkhani ya Holland itionetsa kuti mlendo naye angalowe, malinga abwere tsiku ndi tsiku mpaka ana aleke kumuona ngati mlendo.

Ndalama zitathawanso

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, amalonda anamanga mabwalo ambiri a skateboard a konkire, olowa ndi ndalama. Posakhalitsa ndalama za inshuwalansi zinakwera cifukwa ca obvulala, okwera anacepa, ndipo mabwalo ambiri anatsekedwa n'kugumulidwa. Mu 1980 Skateboarder inasintha dzina kukhala Action Now n'kusakanizamo masewera ena, ndipo mu 1982 inatha. Zinali ngati 1965 yabweranso. Koma ulendo uno makamera anali m'manja mwa okwera eni ake, ndipo iwo sanapite kulikonse.

Mu January 1981, ku San Francisco, Fausto Vitello ndi Eric Swenson, amene anali kupanga zitsulo zogwira mawilo zochedwa Independent, anayambitsa magazini ya Thrasher. Inayamba pa pepala la nyuzipepala, lija lodetsa m'manja, ndi zithunzi za anthu ngati Mörizen Föche, wodziwika kuti MoFo, komanso za owerenga amene anali kutumiza pa positi. Kupatula Thrasher kunalinso timagazini tina tating'ono kwambiri. Mnyamata anali kujambula anzake pa khoma la matabwa limene akhoma okha kuseri kwa nyumba, kutsuka filimu yakuda ndi yoyera m'kacipinda ka mdima ka kusukulu kapena m'bafa, kumata zithunzi pa pepala, kulemba mau ndi dzanja, kukacita fotokope, n'kutumiza kwa anzake a m'mizinda ina posinthana ndi tao. Skate Fate ya Garry Scott Davis, imene inayamba mu 1981, ndi imodzi ya zodziwika. Friedman naye mu 1982 anadzisindikizira yekha kabuku ka zithunzi zake kochedwa My Rules.

Limodzi la mabwalo ocepa amene anapulumuka linali Del Mar Skate Ranch, kumpoto kwa San Diego. Kumeneko kunali kugwira nchito mnyamata wina, J. Grant Brittain, wosesa ndi kugulitsa m'kasitolo ka pabwalopo. Mu 1979 anabwereka kamera ya Canon ya mnzake wogona naye nyumba imodzi, nayamba kujambula amene anali kubwera kudzakwera. Pakati pao panali kamnyamata koonda dzina lake Tony Hawk. Brittain anali pabwalopo tsiku ndi tsiku, motero anali kudziwa nthawi imene dzuwa limagwera pa khoma lililonse ndiponso kakweredwe ka munthu aliyense. Anakalowa makalasi a kujambula pa koleji ya Palomar, naphunzira kutsuka ndi kusindikiza yekha. Mu 1983, pamene Larry Balma ndi Peggy Cozens anayambitsa magazini ya TransWorld Skateboarding, Brittain anakhala woyang'anira zithunzi, nchito imene anaigwira zaka 20.

Cithunzi cake cimodzi n'coyenera kuciganizira aliyense amene amadandaula za zipangizo. Pacikuto ca TransWorld mu 1987 panatuluka cithunzi cakuda ndi coyera ca Tod Swank akungokankha skateboard ndi mwendo m'mbali mwa khoma lalikulu la konkire, mthunzi utadula khomalo mopendekeka. Mulibe kudumpha ndipo mulibe fisheye. Muli cabe munthu, khoma ndi dzuwa. Ndi cimodzi ca zithunzi zokumbukika kwambiri m'mbiri ya masewerawa, ndipo mulibe cimene foni ya masiku ano ingalephere kugwira.

M'misewu

Mabwalo atatha, masewera anasamukira m'misewu. Ca m'ma 1978, Alan Gelfand wa ku Florida anali atapeza njira youlukira pa khoma osagwira thabwa ndi manja, imene inachedwa ollie, ndipo Rodney Mullen anaisamutsira pa malo athyathyathya kuciyambi kwa zaka za m'ma 1980. Kucokera pamenepo masitepe, mabenchi ndi zitsulo zogwirira potsika masitepe zonse zinasanduka bwalo, Mark Gonzales ndi Natas Kaupas ali patsogolo. Ojambula anayamba kuyenda ndi cikwama kumsana, ali okonzeka kuthamangitsidwa ndi alonda. Popeza malo ambiri anali kupezeka usiku kapena m'mithunzi ya nyumba zazitali, flash inakhala yofunika. Kuwala kwake n'kwa kanthawi kocepa kwambiri moti kumaimitsa thabwa lozungulira m'malere.

M'zaka zimenezi ndi mmene anakhwimira malamulo osalembedwa amene ojambula skateboard amatsatira mpaka lero. Cithunzi cionetse pamene wokwera wacokera ndi pamene akagwere, kuti woona adziwe kukula kwa cimene cacitika. Munthu woyandama pa thambo popanda pansi sauza aliyense kanthu. Wokwera aoneke nkhope kapena cifuwa, osati msana. Cala cidine pamene thupi lafika pamwamba ndipo mapazi aligwira thabwa, osati likali kutembenuka mwacisawawa. Lamulo lalikulu ndi la cilungamo: cithunzi ca kudumpha kumene mwini wake sanakutsirize, anagwa, sicionetsedwa ngati kuti anakwanitsa. Palibe limodzi la malamulo amenewa limene limafuna ndalama.

Njira ya kuyambira pansi inapitirira ndi mbadwo wotsatira. Spike Jonze, amene mu 2014 analandira mphoto ya Oscar cifukwa colemba filimu ya Her, anayambira m'sitolo ya njinga za BMX ku Maryland akujambula anzake. Ali ndi zaka 17 anapita ku California kukagwira nchito ku magazini ya Freestylin', kenaka anajambulira TransWorld, ndipo mu 1991 anapanga vidiyo ya Video Days, akutsatira Gonzales ndi anzake ndi kamera ya m'manja. Mu 1995 Sony inatulutsa kamera ya vidiyo ya VX1000. Okwera anaibveka fisheye ya Century Optics, naikonda kwambiri moti patapita zaka 20, anthu onse atasamukira ku makamera atsopano, iwo anali kuifunabe yomweyo, yogwiritsidwa kale nchito, ya matepi obvuta kupeza. M'masewera amenewa cida cakale sicicititsa manyazi.

Caka comweco ca 1995, Atiba Jefferson anacoka ku Colorado Springs kupita ku California, nayamba kujambulira TransWorld moyang'aniridwa ndi Brittain. Anakhala mmodzi wa ojambula ochuka a mbadwo wake, mpaka kujambula akatswiri a basketball a NBA. Mu 2004 Brittain, Jefferson ndi anzao anayambitsa The Skateboard Mag. Kenaka zinthu zinasintha mofulumira. Makamera a digito anacotsa mtengo wa filimu, mafoni anaika kamera m'thumba la aliyense, ndipo Instagram, imene inayamba mu 2010, inalanda nchito yambiri ya magazini. TransWorld inaleka kusindikiza pa pepala mu 2019. Mu 2021 skateboard inalowa m'masewera a Olympics ku Tokyo, ndipo akatswiri a malenzi aatali anabweranso monga mu 1965.

Kuno ku Africa

Ku Africa nako cithunzi cakhala cikuyenda patsogolo pa konkire. Ku Kitintale, komboni ya mu Kampala ku Uganda, Jackson Mubiru ndi anzake anamanga ndi manja ao bwalo la skateboard ca m'ma 2006, ndipo maiko akunja analidziwa kwambiri kudzera m'zithunzi za Yann Gross wa ku Switzerland. Ku Addis Ababa, gulu la Ethiopia Skate linayamba mu 2013 pamene wojambula wa ku America, Sean Stromsoe, anagwirizana ndi anyamata okwera pa malo oimika magalimoto. Zithunzi ndi mavidiyo ao anakopa othandiza, ndipo mu 2016 mzindawo unapeza bwalo lake la konkire. Kuno kwathu, ana a gulu la We Skate Mongu nao anadziwika kunja kudzera m'zithunzi ndi mavidiyo a pa intaneti, ndipo lero ali ndi bwalo lao lochedwa Lukaba Hande.

Pa zitsanzo za ku Uganda ndi ku Ethiopia, maina a ojambula amene tachula ndi a alendo. Sicolakwa, anagwira nchito yabwino ndipo tiyenera kuwayamika. Koma mlendo amabwera n'kubwerera. Sakhalapo tsiku limene mtsikana wa m'komboni akwanitsa ollie yake yoyamba, kapena madzulo amene ana asanu akulandizana thabwa limodzi lothyoka mphuno. Masiku amenewo angagwiridwe ndi munthu wokhala pomwepo, amene anawo amamuitana ndi dzina.

Zimene tingatolepo

Nanga wa ndalama zocepa ayambire pati? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Foni yapakatikati ya lero imaposa kutali Instamatic ya Friedman. Bvuto lake n'lakuti kuwala kukacepa imacedwetsa shutter, ndipo cinthu cothamanga cimatuluka cosaoneka bwino. Koma dzuwa tili nalo lokwanira. Tijambule m'mawa kapena ca m'ma 16 koloko, dzuwa lili kumbuyo kwathu kapena cam'mbali. Ngati foni ili ndi posinthira shutter, tiike pa 1/1000 ya sekondi, tikacepetsa pa 1/500. Ngati ili ndi lenzi ya 0.5, ameneyo ndi mng'ono wake wa fisheye, tikhale pansi n'kuyandikira. Kukoka cithunzi ndi zala kumaononga maonekedwe, bwino kuyandikira ndi miyendo. Foni imatha kujambula zithunzi zambiri zotsatizana tikagwira batani, ndipo zimenezo zimathandiza, koma tiziyesanso kudina kamodzi cabe monga anali kucitira a filimu, kuti cala ciphunzire nthawi.

Tikasonkhanitsa kandalama, kamera ya salaula ndiyo njira. Makamera a digito a Canon ndi Nikon a zaka khumi kapena kuposerapo zapitazo, ndi lenzi yao ya 18-55mm, shutter yao imafika pa 1/4000 ndipo amakwana pa nchito imeneyi. Pogula tiyese batire ndi chaja, tiunike m'lenzi ngati mulibe nkhungu, tijambule zithunzi zingapo pomwepo n'kuziyang'anitsitsa. Fisheye ndi flash zingadikire. Anthu atatu kapena anai angasonkhe n'kugula kamera imodzi yolandizana, kapena kucita cilimba mpaka aliyense apeze yake. Ndipo kubwereka si manyazi. Friedman ndi Brittain onse anayamba ndi ya eni, cofunika ndi kuibweza ili bwino.

Cina cimene sicigulidwa ndi ulemu. Tisanajambule munthu tipemphe, ndipo ngati ndi mwana makolo ake adziwe. Pa malo a eni tilankhule ndi alonda tisanayambe. Tisamakakamize mnzathu kubwereza kudumpha koopsa cifukwa cakuti cithunzi cathu sicinatuluke bwino, pakuti mwendo ukathyoka ndi wake. Tisaime pamene akagwere. Wojambulidwa apatsidwe cithunzi cake, ndipo dzina lake lilembedwe tikaciika pa intaneti. Ngati tingathe, tikwereko thabwalo ngakhale pang'ono, tigwe kangapo, kuti timve m'thupi cimene tikujambula.

Cotsiriza ndi kusunga. Zithunzi za Holland zinapulumuka zaka zoposa 30 cifukwa filimu inali m'bokosi. Zathu zili m'foni, ndipo foni imabedwa, imagwera m'madzi, akaunti imatsekedwa. Cithunzi cotumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse cimafinyidwa n'kutaya ubwino wake. Tisunge zithunzi zenizeni m'malo awiri, tilembe dzina la wokwera, malo ndi tsiku, ndipo zabwino kwambiri tikazisindikize pa pepala ku situdiyo.

Maiwe a cilala aja anadzazidwanso madzi mvula itabwera. Del Mar Skate Ranch inagumulidwa mu 1987. Jay Adams anamwalira mu 2014. Kuti lero tikudziwa mmene anali kuweramira ali mnyamata, n'cifukwa cakuti anthu amene anali naye pafupi ananyamula makamera amene anakwanitsa kupeza. Malo amene ana athu akukwerapo lero ku Lusaka, ku Mongu ndi kwina adzasintha, pena padzamangidwa sitolo, pena padzaikidwa mpanda, ndipo anawo adzakula. Tsiku lina wina adzafuna kulemba mmene skateboard inayambira mu Zambia, ndipo adzalemba zimene adzapeza. Ngati tili ndi foni m'thumba ndipo tikudziwa kumene ana amakwerera, tipiteko Loweruka likubwerali.